Impso ya Tusekele

Tusekele sanapemphe kubwera ku Amereka. Anali akusoka madiresi pakhonde la sitolo ina ku Mchesi, mu Lilongwe, tsiku limene achimwene ake, a Sosten, anaimba foni kuchokera ku South Bend, ku Indiana, kumuuza kuti dzina lake latuluka pa mayere a girinikhadi, chilolezo chokhala ku Amereka. Iye sankadziwa n'komwe kuti dzinalo linalowa. Analilowetsa ndi a Sosten, ndi chithunzi chimene anamupempha ati chokapachika pakhoma.

"Anthu miyandamiyanda amalembetsa, mlongo wanga," anatero a Sosten. "Iwe sunalembetse, sunapemphe, sunadziwe. Koma watengedwa ndiwe. Chisomo chimakhala chonchi."

Bambo awo anali a ku Karonga, mphunzitsi amene ntchito inamusiya ku Dowa mpaka imfa, ndiye ana anakula ndi Chichewa, m'tchalitchi chimene chimaphunzitsa kuti Mulungu anasankhiratu ake dziko lisanalengedwe. Ana ambiri amaloweza zimenezi kuti abatizidwe, kenako n'kuiwala. A Sosten sanaiwale. Anazitenga n'kupita nazo kusukulu ya zaumulungu, ndipo ndi zomwe zinawafikitsa ku Indiana.

Tusekele anali ndi chibwenzi, Akuzike, wowotcherera zitsulo ku Biwi, ndipo ankhoswe anali atayamba kale kuyenderana. Anauza mayi ake kuti sakufuna kupita. Mayiwo anamuyang'ana ngati watukwana. "Ungakane bwanji chimene Mulungu wakusankhira?" Akuzike anati adikira. Tusekele anagulitsa makina ake osokera n'kukwera ndege.

Ku South Bend anafika nthawi ya chipale chofewa. Anamupatsa kachipinda kapansi pa nyumba, kokhala ndi kawindo kamodzi koyang'ana matayala a galimoto. Mawa lake alamu ake, a Sophia, anamuika mwana wa miyezi inayi m'manja. Dzina lake Kenan. A Sophia ankaphunzira unamwino, a Sosten ankaphunzira zaumulungu, ndipo panalibe wosiyira mwana. Tusekele anamvetsa msanga chimene dzina lake linalowera pa mayere. Analera Kenan. Anamuyenda naye kumsana m'nyumba monse, anamuphunzitsa kudya yekha, ndipo Chichewa chimene mnyamatayo amamva lero, ngakhale amayankha m'Chingerezi, anachimva pakamwa pa azakhali ake.

Lamlungu masana a Sosten ankaitana ophunzira anzawo kudzadya. Tusekele ankaphika, iwo n'kumakangana za chisankho: ngati munthu angakane chisomo, ngati wotayika amatayika chifukwa cha Mulungu kapena chifukwa cha iye mwini. Ankamvetsera ali kusinki. Sanawerenge mabuku awo, koma anaona mmene chiphunzitsocho chinkagwirira ntchito m'nyumba muja. Atapempha achimwene ake kuti amuthandize pa mapepala oti Akuzike abwere, anamuyankha kuti, "Ngati ndi wako, adzafika." Mapepalawo sanawakhudze. Patatha zaka zitatu Akuzike anakwatira mkazi wina. "Ndiye kuti sanali wako," anatero a Sosten, n'kupitiriza kudya. Maphunziro awo atawakanika, anauza anthu kuti Ambuye atseka khomo limenelo kuti atsegule lina. Koma tsiku limene Tusekele anaterereka ndi galimoto pa chipale n'kugunda mtengo wa magetsi, palibe amene anatchula Ambuye. "Unasankha wekha kuthamanga," anatero a Sosten.

Banja linasamukira ku Indianapolis, ku Lawrence, a Sophia atapeza ntchito pachipatala china. A Sosten anayamba kugwira mu ofesi ya inshulansi, ndipo anakhala mkulu wa mpingo wa Amalawi umene unkakumana Lamlungu masana m'tchalitchi chobwereka. Kenan atayamba sukulu, Tusekele anachita kosi yosamalira okalamba. Ine ndinamudziwira kumeneko, kunyumba ya okalamba kumene tinkagwira shifiti imodzi. Anali mkazi wamfupi, wamanja amphamvu, wosalankhula kwambiri. Nkhalamba zovuta kusamba zinkalola zikamva kuti wabwera ndi iye.

Patapita nthawi anapeza kanyumba kakekake ku Speedway, pafupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto. Anandiitana kuti ndikaone. Munalibe kanthu, matiresi pansi ndi mipando iwiri, koma anandionetsa chipinda chilichonse, ngakhale bafa. Makatani anasoka yekha pamanja, achikasu. Mu Meyi, magalimoto ampikisano akayamba kulira tsiku lonse, anthu a m'nyumba zimenezo ankadandaula. Iye ankati phokosolo silimuvuta. A Sosten sanakondwe ndi kusamukako. Anati mkazi wosakwatiwa wokhala yekha amadziika pa mayesero.

A Sosten anali ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuyambira kale. A Sophia, namwino, ankalankhula mpaka kutopa. A Sosten ankamwa mankhwala akakumbukira. Impso zinafooka pang'onopang'ono mpaka zinaima, ndipo anayamba kupita kumakina osefa magazi katatu pa sabata. Madokotala anati njira yabwino ndi impso ya wachibale. Magazi a Sophia sanagwirizane nawo. Kenan anali asanakule. Tusekele anapita kukayezetsa poganiza kuti ndi kuyeza chabe, zolankhula zibwera pambuyo.

Zotsatira zinati akugwirizana. Iye anauza alamu ake Lachisanu, n'kuwapempha kuti amupatse nthawi. Lamlungu lake, nthawi ya maumboni, a Sophia anaimirira kutsogolo, misozi ili mbwembwembwe.

"Abale, Mulungu ndi wodabwitsa. Mlamu wanga uyu, tinkaganiza kuti anabwera kudzalera mwana. Sitinkadziwa. Ambuye anamusungira tsiku lino."

Anthu anaimirira, nthungululu, nyimbo. Amayi anamuzungulira Tusekele, kumukumbatira, ena kumugwira pamimba. Ine ndinali pambali pake. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro koma sanamvetse kuti wamwalira ndani.

Pachipatala pali lamulo lakuti wopereka chiwalo alankhule payekha ndi munthu amene sali mbali ya wodwala. Amene analankhula ndi Tusekele anali mayi wina dzina lake Tiffany. Anatseka chitseko, anakhala moyang'anizana naye, n'kufunsa ngati pali amene akumukakamiza.

"Palibe," anatero Tusekele.

"Achibale? A kutchalitchi?"



Mayiyo anamufotokozera kuti akhoza kukana nthawi iliyonse, ngakhale atavala kale chovala cha kuopaleshoni. Akakana, chipatala chidzangouza banja kuti sakuyenera kupereka, osatchula chifukwa, ndipo palibe adzadziwe kuti anakana ndi iye. "Thupi ndi lanu," anatero. "Ine ndikufuna kumva chimene inuyo mukufuna."

Atatuluka kumeneko anabwera kwathu, osavula ngakhale jekete. "Magdalene," anatero, "ndafika zaka makumi anayi. Lero ndi pamene munthu wandifunsa chimene ndikufuna, ndiye wandifunsa ndi mlendo."

Sanafulumire. Anayenda nalo funsolo masabata angapo, ndipo ndikudziwa kuti masiku ena yankho linali ayi. Ankaganiza za ntchito yake, yonyamula anthu olemera kuposa iye. Ankaganiza za Akuzike, amene tsopano anali ndi ana anayi. Tsiku lina anapita kukawatenga achimwene ake kumakina, a Sophia ali kuntchito. Anawapeza pampando wa panja, atawerama, akulephera kumanga nsapato. Anagwada n'kuwamangira, ndipo ali chigwadire anakumbukira kuti munthu yemweyu ankamubereka powoloka mtsinje popita kusukulu ku Dowa, iye atanyamula mabuku a onse awiri pamutu. Anabwerera kwa mayi Tiffany n'kunena kuti apereka.

"Mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza. Ndi achimwene anga. Ndikufuna ineyo."

Opaleshoni inayenda bwino. Impso inayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo, ndipo pasanathe mwezi a Sosten anali atasanduka munthu wina, khungu litawala, mawu atabwerera. Mpingo unakonza mapemphero othokoza. Kunabwera anthu ochokera ku South Bend, ena ku Chicago. Tusekele anakhala kutsogolo, atatsamira pilo chifukwa bala linali lisanapole.

A Sosten analankhula nthawi yaitali, ndipo analankhula bwino. Anathokoza madokotala, anathokoza akazi awo, anathokoza amayi amene ankabweretsa chakudya. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Ena mwa inu mukufuna kuti ndimuyamike Tusekele. Abale, musamuyamike. Mungamulakwitse. Impso imeneyi inaumbidwa m'mimba mwa mayi athu ndi dzina langa. Iye anangoisunga. Mbiya siitamandidwa chifukwa cha madzi amene mwini wake wathiramo. Ulemerero ukhale kwa Iye amene anakonzeratu zonse."

Anthu anati ameni. Ena anaomba m'manja. Tusekele anayang'ana pansi.

Anthu akudya, anawapeza achimwene ake ali okha pafupi ndi khomo la kukhitchini.

"Achimwene, ndikanatha kukana."

Iwo anamwetulira. "Sukanatha, mlongo wanga."

"Anandipatsa njira. Akanakuuzani kuti sindikuyenera, inu osadziwa kanthu. Ndinaganiza masabata. Ndinavomera ndekha."

"Unamva ngati wavomera wekha. Ndi mmene chisomo chimagwirira ntchito, chimaweramitsa mtima munthu osamva kuwawa. Amene anakupatsa kufunako ndi Mulungu."

"Chabwino. Nanga kungonena kuti zikomo, Mulungu angakwiye?"

"Ukufuna kugawana ulemerero ndi Mulungu?"

Tusekele anandipempha kuti ndimuperekeze kunyumba, ati bala likuwawa. M'galimoto sanalire. Anangoti, "Nkhalamba zija ndikazipatsa madzi zimathokoza."

Bala linapola, koma ululu wa m'nthiti sunachoke. Madokotala anati zimachitika kwa ena, mtsempha ukakhudzidwa. Kunyamula okalamba kunamukanika, ndipo anasiya ntchito imene ankaidziwa n'kukayamba kupinda zovala kochapira pahotela ina. Sanadandaule kwa aliyense wa kubanja. Kutchalitchi ankapitabe, koma ankakhala kumbuyo.

Munthu amene waikidwa impso amamwa mankhwala tsiku lililonse moyo wake wonse, kuti thupi lisaikane. A Sosten ankadziwa zimenezi. Patatha zaka zitatu anaitanidwa ku Malawi kukaphunzitsa akulu a mipingo kwa mwezi umodzi, ndipo ananyamula mankhwala okwana mweziwo ndi masiku owerengeka. Kumeneko anthu anawalandira monga sanalandiridwepo. Umboni wa impso unkadzaza matchalitchi. Anaitanidwa ku Kasungu, kenako ku Ntcheu, kenako ku Karonga kwa abale a bambo awo, ndipo anasintha tikiti. Mankhwala anatha. A Sophia ankaimba foni tsiku ndi tsiku, akuchonderera kuti abwerere, kapena apite kuchipatala chachikulu akafunse. Anatumiza mankhwala kudzera mwa munthu wina, koma a Sosten anali kumidzi ndipo sanafulumire kukawatenga.

"Masiku anga analembedwa kale," anawauza akazi awo. "Mapiritsi sangaonjezere limodzi."

Anabwerera atatupa miyendo ndi nkhope. Kuchokera kubwalo la ndege anapita nawo kuchipatala. Madokotala anayesetsa milungu ingapo, koma thupi linali litaikana kale impsoyo. Inafera momwemo. A Sosten anabwerera kumakina.

Tusekele anamva nkhaniyi kwa Kenan, amene tsopano anali kukoleji. Mnyamatayo anabwera yekha ku Speedway, anakhala pampando, kenako anati m'Chingerezi bambo ake anachita zopusa ndipo iye akupepesa. Ndi yekhayo m'banjamo amene anapepesa. Kutchalitchi analengeza kuti Ambuye, mwa nzeru zake zosalondoleka, alola mtumiki wawo ayesedwenso.

Posakhalitsa a Sophia anamuimbira. Anati ntchito yawachulukira, Kenan ali kusukulu, ndipo pakufunika munthu wowaperekeza a Sosten kumakina. Chipinda cha alendo chili chabe. Bwanji angosiya kanyumba kake abwerere ku Lawrence?

"Ayi, alamu."

"Mwati bwanji?"

"Ndati ayi."

A Sophia anadula foni. Lamlungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, a Sosten anapempha akazi awo kuti awasiye ku Speedway. Anakwera masitepe movutika, akupumira panjira. Tusekele anawalandira, anawapatsa mpando, anawathira madzi pang'ono m'kapu, chifukwa ankadziwa kuti saloledwa kumwa ambiri.

"Sindinabwerere za kundiperekeza," anatero a Sosten. "Galimoto ya chipatala ikhoza kumanditenga. Ndabwera chifukwa ndikuopa za moyo wako. Mtima wako wauma, Tusekele."

"Wauumitsa ndani?"

"Usaseweretse mawu."

"Sindikusewera. Ndikufunsa. Pamene ndinavomera munati si ine, ndi Mulungu. Lero ndakana. Wakana ndani?"

"Chabwino chilichonse chimachokera kwa Iye. Choipa chimachokera mwa ife."

"Ndiye changa ndi choipa chokha? Ayi yekha ndiye wanga?"

"Ndi mmene munthu alili."

"Nanga mankhwala aja, anasiya ndani? Chifukwa kutchalitchi ndamva kuti ndi nzeru za Ambuye."

A Sosten anagwira kapu ndi manja awiri. Kwa kanthawi Tusekele anaganiza kuti anena kuti anasiya ndi iwo. Koma chimene chinatuluka chinali china.

"Ndakhala ndikudzifunsa," anatero motsitsa mawu, "ngati unali wa m'gulu la osankhidwa. Wosankhidwa amapirira kufikira chimaliziro. Zipatso zako zikundiopsa."

Tusekele anaimirira. Anakweza bulauzi pang'ono n'kuwaonetsa chipsera.

"Yang'anani, achimwene. Simunachionepo. Ngati ndine wotayika, mwayenda zaka zitatu ndi nyama ya munthu wotayika m'mimba mwanu, mukulalikira nayo. Munaitaya ku Karonga ngati chikwama. Ine ndatsala ndi imodzi. Mukufunanso chiyani kwa ine?"

Iwo anayang'ana kumbali. Anati amupempherera. Tusekele anawathandiza kutsika masitepe, chifukwa okha sakanatha, anawasiya m'manja mwa a Sophia amene ankadikira m'galimoto, n'kubwerera m'mwamba.

Kuyambira pamenepo sanapondenso kutchalitchi kuja. Amayi awiri atatu anabwera kudzamuona, onse ndi mawu amodzi, akuti akhululuke. Iye ankawafunsa kuti akhululukire ndani, popeza palibe amene walakwa. Anasiya kubwera. Mbiri inafika mpaka kumudzi kuti Amereka yamuononga, ndipo mayi ake, atakalamba kwambiri, anamwalira akukhulupirira zimenezo.

Sindinganene kuti anasiya Mulungu. Ndinamufunsapo. Anati amapemphera, koma pemphero lake lafupika. "Ndimangomufunsa kuti, kodi munaona? Ngati munakonzeratu zonse, chabwino, sindingatsutsane nanu. Koma tsiku lija m'chipinda muja, munaona kuti ndinali ine?" Ndinamufunsa ngati amayankhidwa. Anati ayi.

Chaka chatha, pokayezetsa, dokotala anamuuza kuti magazi ake ayamba kuthamanga ndipo impso yotsalayo ikufunika kuisamala. Anamutonthoza kuti ngati itadzafooka, amene anaperekapo impso amaikidwa patsogolo pamzere wodikira. Tusekele anaseka mpaka dokotala anadabwa. Achimwene ake ali pamzere womwewo, ndipo madokotala sakufulumira nawo, chifukwa akudziwa chimene chinachitikira yoyamba ija. Tusekele sanawauze achimwenewo zimene dokotala anamuuza, ndipo anandiletsa kuuza a Sophia.

Miyezi ingapo yapitayo tinalowa limodzi m'sitolo ina ya zakudya za ku Afirika pa Lafayette Road. Tinawapeza a Sosten ataima pamene pamakhala nsomba zouma, atatsamira kangolo. Anali ataonda, kolala ya shati ikulendewera. Nsombazo saloledwa kudya. Ankangoziyang'ana.

Tusekele anapinda bondo pang'ono, monga analeredwera. "Muli bwanji, achimwene?"

"Tilipo. Kaya iwe?"

"Ndilipo."

Anaima choncho. Munthu wina anapempha njira, iwo anasuntha kangolo.

"Kenan akumaliza sukulu chaka chino," anatero a Sosten.

"Anandiuza."

"Udzabwera?"

"Anandiitana. Ndidzakhala kumbuyo."

A Sosten anagwedeza mutu. Tusekele anatenga nyemba ndi mafuta ake, analipira, ndipo tinatuluka. Ndinati ndimusiye kunyumba pa galimoto, koma anakana, ati akufuna kuyenda pang'ono. Ndinamuona akuwoloka msewu kupita pokwerera basi, jumbo ili kudzanja lamanja, chifukwa mbali ya kumanzere sanyamulirako kanthu.